Kapu Yomwe Ndinasinthanitsa ndi Mkono Wanga

Kokerani lichero kuno, ana inu, nsawazi tizisenda tikucheza. Iwe Dalitso, zosendazo zizipita m'lichero, osati m'kamwa. Ndikukuona, ngakhale mumanena kuti maso anga anatha ntchito. Thoko, bwera ukhale apa pafupi ndi ine, pamthunzi. Iwe usasende lero. Pukuta misoziyo, ambuya ako aakazi sanakukalipire chifukwa chodana nawe.

Nonse mwaona zomwe zachitika titangobwera kuchokera kutchalitchi. Ambuya anu apatsira Thoko thobwa, iye n'kulandira ndi dzanja lamanzere. Ambuya anu mukuwadziwa, pakamwa sachedwa. Afunsa ngati kusekondale masiku ano akuphunzitsanso mwano, kuti mtsikana wamkulu chonchi azilandira chinthu kwa akulu ngati akutola chinyalala. Sindinayang'ane dzanja lomwe lalandiralo, ndinayang'ana linzakelo, lomwe analigwirizira pamimba ngati wanyamula dzira. Kagwiridwe kameneko ndimakadziwa, chifukwa inenso ndinagwirapo mkono wanga chomwecho ndili wa msinkhu wakewu.

Thoko, Loweruka likubwerali ukufuna kukaponya nthungo kumpikisano wa masukulu, ija aphunzitsi anu amati javelini. Ndamva kuti sukulu yonse ikudalira iwe. Koma chigongono chako chikupweteka mkati umu, mbali yoyang'ana kuthupi, ndipo sunauze munthu poopa kuti akuchotsa pagulu. Usapukuse mutu. Sindinaombeze ayi, ndangokumbukira. Ndiye tamverani nonse ndikuuzeni za mkono wangawu, womwe mumauseka kumbali kuti uli ngati chogwirira cha ambulera. Inde, ndimamva. Taonani, ndikuutambasula. Apa ndiye pothera. Wamanzerewu ukufika uko, wamanjawu watsalira panjira, ndipo wakhala chonchi kuyambira bambo anu asanabadwe.

Ine ndinakulira kumudzi, kufupi ndi Tamanda. Inu ana a muno mu komboni ya Nabvutika mumadziwa kuponya chiyani? Mabotolo m'ngalande basi. Kwa ife kuponya inali ntchito. Chimanga chikayamba kukhwima anyani ankatsika m'phiri, ndipo mnyamata aliyense ankakhala pansanja m'munda ndi mulu wa miyala kuyambira mame asanaume. Mapira akacha, nkhondo inali ya mbalame. Koma nyengo yomwe tinkaiyembekezera ndi mtima wonse inali yotentha tchire. Udzu ukapsa, nthaka ili bii, tinkatenga zibonga kupita kukasaka nkhwali ndi nkhanga.

Chibonga, iwe Dalitso, si ndodo wamba ngati izi mumathamangitsira agalu. Unkasankha kamtengo kolimba, n'kukakumba ndi tsinde lake lomwe, tsindelo n'kulisema kuti likhale mutu wobulungira. Ukatero unkachiwaula pamoto, n'kuchipaka mafuta a nsatsi mpaka chizinyezimira. Kaponyedwe kake ndiye kanali ndi luso. Chibonga sichidutsa pamwamba pa phewa. Umachiponya cham'mbali, chigongono chili pansi, kuti chizipita chikuzungulira moyandikana ndi nthaka, chikakole miyendo ya nkhanga ikamathamanga. Mphamvu yonse imachokera pachigongono ndi padzanja. Ine pamenepo ndinali katswiri, sindikunama, ndipo amene akanatsutsa onse anagona. Nkhanga yowamba, ana inu, yothira mchere wokhawokha, si nkhuku zanu za m'firiji zija zomwe umatafuna osadziwa ngati ndi nyama kapena thonje.

Ndili m'kalasi lomaliza la pulayimale, kunabwera mphunzitsi wachinyamata, a Zulu. Anabwera ndi nthungo ziwiri zazitali kuposa munthu, zosongoka ndi chitsulo kutsogolo. Iwowo kuponya anakuphunzira m'buku, ndipo anatiuza kuti dzanja lizidutsa pamwamba, pafupi ndi khutu. Anzanga anayesa, nthungo zikungogwera poteropo. Itafika nthawi yanga, ine za khutuzo ndinaziiwala. Ndinaigwira, n'kuthamanga, n'kuiponya ngati chibonga. Inapita mpaka kukabaya kuseri kwa chulu chomwe chinali kumapeto kwa bwalo. A Zulu anayang'ana bukulo, anayang'ana chulucho, n'kulitseka bukulo. Anangoti ndizikweza dzanja pang'ono kuti oweruza asadzakane, koma zina zonse ndisasinthe. Dzanja ndinakwezadi, koma chigongono chinatsalabe pansi monga ndinazolowera kutchire.

Sindikuwaimba mlandu. Ankandikonda, ndipo chinthu chikamapita patali ndani angachikonze? Palibe aliyense wa ife amene ankadziwa kuti chibonga ndi chachifupi, pomwe nthungo ndi yaitali, ndipo ukaiponya cham'mbali imakoka chigongono ngati ikufuna kuchitsegulira kunja.

Masukulu oyandikana nawo ndinawagonjetsa onse. Kenako kunabwera uthenga woti opambana akapikisane kuboma, ku Chipata kuno, komwe akuluakulu a kwathu ankangokutchabe kuti ku Foti. Ine tauni ndinali ndisanaiponde. Ndinkaponya m'mawa tisanalowe m'kalasi, ndinkaponya madzulo tikaweruka, mpaka mkono kuchita kutentha. Kutatsala milungu itatu, tsiku lina masana, ndikuponya chomwecho, ndinamva kanthu mkati umu kakuti thu, ngati ulusi ukaduka posoka. Sikanali kaphokoso ayi. Koma madzulo ake panatupa, ndipo zala ziwiri izi, chaching'onochi ndi chinzakechi, zinachita dzanzi. Thoko, ndaona wayang'ana zala zako.

Sindinauze munthu. Ndinkadziwa kuti a Zulu akamva atenga mnyamata wina, ndipo ine tauni sindidzaiona.

Patapita masiku awiri kunyumba kunabwera alendo, abale a atate. Atate anali munthu wosalankhulalankhula, koma pa nkhani ya ulemu sankaseka ndi mwana. Anakhala pansi pa mtengo ndi alendowo akudya chinangwa chootcha, n'kundiitana kuti andipatseko. Ndinagwada bwinobwino, koma ndinatambasula dzanja lamanzere. Khofi lomwe anandimenya ndimalimvabe kutsaya kuno.

"Dzanja lodyera walisiya kuti?" anatero atate.

Ndinaluma mano, n'kutambasula lamanjali, n'kulandira. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, ndipo chinangwacho anadya ndi agalu. Amayi ndi amene anandipeza kumeneko. Iwo sanafunse zambiri, anangopinda malaya anga n'kuona kutupako. Ndinawachonderera kuti asauze atate kapena aphunzitsi, ndipo iwo, chifukwa cha chifundo, anavomera.

Chipatala cha mishoni chinalipo, mtunda woyenda wapansi. Malungo tinkapita nawo kumeneko, amayi oyembekezera ankapita kumeneko. Koma kubinya kunkaonedwa ngati nkhani ya pakhomo, yosafunika kuvutitsira anthu ovala zoyera. Ndiponso ineyo sindinkafuna, podziwa kuti akandimanga bandeji yoti aliyense aione. Choncho amayi anawiritsa madzi ndi masamba, n'kumandithowa m'mawa ndi madzulo, madzi otentha moti khungu linkasupuka. Kutupako kunangowonjezeka. Ndiye anaitanitsa achimwene awo, amalume anga, omwe mudzi wonse unkawatama kuti amadziwa mafupa. Anagwiragwira, n'kunena kuti mtsempha wakwera, ufunika kuubweza m'malo mwake. Anandigoneka pamphasa, anaponda phazi m'khwapa mwanga umu, n'kukoka mkono ngati akuzula chinangwa. Atatha ananditema mphini. Izi apa, timizere titatu, bwera uone Dalitso. Onsewa ankandifunira zabwino, ndipo ine ndinawathokoza ndikugwada.

Tsiku la ulendo tinakwera lole yomwe inkanyamula nsawa. Masiku ano mumakwera minibasi n'kumadandaula kuti mwapanikizana anayi pampando. Ife tinakhala pamwamba pa matumba, fumbi likutiphimba moti pofika tinali ngati tachokera kumanda. Bampu iliyonse inkandilowa m'chigongono. Koma titatsika phiri n'kuona tauni ili pansi, malata akunyezimira, ululu ndinauiwala kaye. Ndinaona masitolo ondondozana, mzikiti, njinga zambirimbiri, ndi munthu akumwa madzi otuluka m'khoma. A Zulu anatigulira tiyi wamkaka ndi mabanzi. Banzi limenelo, ana inu, mpaka lero sindinadyenso lina lofanana nalo. Ndinalidya nditatembenukira kukhoma kuti asaone dzanja lomwe ndikudyera.

Aliyense ankaponya katatu. Koyamba ndinathamanga, ndinatseka maso, n'kuponya. Ululu unandiwaza mpaka kukhosi, koma nthungo inapita, ndipo anthu anaomba m'manja. Pamenepo ndikanaima. Thupi linali litandiuza kale kawiri. Koma panali mnyamata wina wamtali amene anandiposa ndi phazi limodzi lokha, ndipo mtima unati phazi limodzi si kanthu. Kachiwiri ndinaikapo mphamvu zanga zonse. Ulendo uno sunali ulusi. Chinalira kuti phwa, moti ngakhale munthu wogwira chingwe choyezera anamva. Nthungo inagwera pafupi ngati yaponyedwa ndi mwana, ndipo ine ndinapezeka nditakhala pansi, mkono uli lende.

Kuponya koyamba kuja kunandipatsa malo achitatu, poti wina anadzandiposanso pambuyo pake. Anandiitana dzina, n'kundipatsa mphoto: kapu yachitsulo yoyera, ya mkombero wobiriwira. Ndinailandira ndi dzanja lamanzere, pamaso pa akuluakulu onse ovala masuti, ndipo tsiku limenelo palibe amene ananditcha wamwano.

Titabwerera, atate ndi amene anapita nane kuchipatala. Sing'anga wa kumeneko, bambo wachikulire wodekha, anapindapinda mkonowo pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti zinayamba liti. Ndinaulula zonse, za ulusi uja, za kuthowa, za kukoka. Anatifotokozera kuti mkati mwa chigongono muli mtsempha wolimba womwe umamanga mafupa awiri pamodzi, ndipo poyamba paja unali utangosomphoka pang'ono ngati chingwe chikayamba kutha.

"Ukanaupumitsa miyezi iwiri kapena itatu, ukanalumikizana wokha," anatero. "Tsopano waduka, ndipo mfundoyi yavulala. Tiyesetsa, koma kuwongoka ngati kale ndakayika."

Atate anafunsa kuti tsiku lomwe kunabwera alendo lija ndinali nditavulala kale kodi. Ndinati inde. Pobwerera ananyamula okha kathumba kanga, chinthu chomwe anali asanachitepo. Abambo a nthawi imeneyo sankapepesa kwa mwana ndi pakamwa. Koma kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo, chilichonse chomwe ankandipatsa, kaya ndi chikho cha madzi, kaya ndi khasu, ankayamba azungulira kaye n'kuima mbali yanga yakumanzere.

Musandimvere chisoni kwambiri, mkono wokhotawu wandiyendetsa bwino. Khasu linkandivuta, ndiye nditakula ndinabwera kutauni kuno n'kupeza ntchito m'sitolo ya nsalu ya a Saidi, bambo wachisilamu amene makolo awo anachokera ku Malawi. Anali munthu wabwino, Lachisanu masana ankandisiyira makiyi a sitolo yonse akamapita kukapemphera. Nthawi imeneyo nsalu tinkayeza ndi mkono, kuyambira pamphuno mpaka kunsonga ya chala. Mukuona kale vuto lake. Mkono wanga unkaperewera zala zinayi. Tsiku lina kunabwera mtsikana wina, wamfupi, wakuda bwino, maso akuthwa. Ndinamuyezera chitenje, iye anachitenga n'kuchiyezanso yekha, n'kunena mokweza sitolo yonse ikumva kuti: "Achimwene, mkono wanuwu ndi wakuba." A Saidi anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo mawa lake anakhomera ndodo yoyezera pakauntala. Mtsikanayo anabweranso sabata yotsatira, akuti kudzaona ngati wakubayo anagwidwa. Anabweranso kachitatu, osagula kanthu. Ameneyo ndiye ambuya anu aja akukalipira anthu lero. Anayamba ndi ine, inu mwangolowa pamzere.

Ndipo pokhota pomwepa pagona ana onse a m'nyumba muno. Bambo anu akalira usiku, amayi awo atalephera, ankangowaika apa, mutu n'kukwanira ndendende ngati anachita kuyeza. Iwe Thoko unagonapo, iwe Dalitso unagonapo ndi kukodzerapo komwe. Ndili ndi nyumba, ndili ndi mtengo wa mango uwu womwe ndinabzala ndekha, ndili ndi inu. Ndikati ndidandaule, Mulungu angandidabwe. Kungoti mwezi wozizira ukafika mkonowu umandikumbutsa, ndipo mabatani a malaya amandimanga ndi ambuya anu. Palinso chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa mpaka lero, ndinene poyera. Sindidzadziwa kuti nthungo ija ndikanaifikitsa pati. Ndinali mwana, mphamvu zinali zisanabwere n'komwe. Kuponya kwanga kwenikweni kunali kutsogolo, ndipo ndinakutaya chifukwa cha Loweruka limodzi.

Tsopano pali mawu ovuta, ndipo ndikufuna nonse muwamve. Thoko, anakuphunzitsa kuponya ndani? Ukukumbukira uli wamng'ono, mango atapsa kunsonga uko, ndinakudulira kamtengo n'kukuonetsa mogendera? Ndinakugwira dzanja, n'kukutsitsa chigongono, n'kukuuza kuti uzikwapula cham'mbali. Ndinakuphunzitsa kaponyedwe ka chibonga, chifukwa ndi kokhako komwe ndimadziwa. Utayamba kupambana kusukulu, ndinapita kukakuonerera. Ndinaona chigongono chako chili pansi, ndendende ngati changa, ndipo m'malo mochita mantha ndinanyada. Ndinakauza anzanga onse a pabawo kuti mdzukulu wanga anatengera ine. Munthu wamkulu, wonyamula umboni pathupi pake, ndinatseka buku ngati a Zulu. Ndiye ngati pali wolakwa pa chigongono chakocho, si iwe, si aphunzitsi ako. Ndine. Atate sankatha kupepesa ndi pakamwa, koma ine ndikutha. Pepa, mwana wanga.

Chako sichinafike pomwe chinafika changa. Ndakuona ukupinda ndi kutambasula, ndiye chikadali pa ulusi paja. Mawa m'mawa ndivala jekete yanga, tipita limodzi kukiliniki akakuone anthu odziwa. Palibe wothowa ndi madzi otentha, palibe wokoka, ndipo aliyense wobwera ndi lumo akumana ndi ine. Lero tingoikapo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Tikachoka kukiliniki tipita kusukulu, ndipo wolankhula ndi aphunzitsi ndikhala ine, iwe udzangoima. Ndikawauza kuti Loweruka lino suponya. Ndikawapemphanso kuti ukachira akuphunzitse mwatsopano, dzanja lizidutsa pamwamba pafupi ndi khutu, mphamvu izichokera m'miyendo ndi m'chiuno. Poyamba nthungo izigwera pafupi ndipo anzako adzakuseka. Zisiye zitero. Za ine usadzatengerenso kalikonse pa kaponyedwe, utengere mphuno yokhayi basi.

Ndikudziwa kuti wakwiya. Ukuti anzako akwera basi popanda iwe, ndipo wina akatenga malo ako. N'zoona, akatenga. Kwiya nane sabata yonse ngati ukufuna, usandipatse moni, ine ndipirira. Mpikisano ubweranso chaka chamawa, ndipo ndikufuna ndidzakhale pamenepo ndi ndodo yanga, ndidzaone ndi maso angawa pomwe nthungo ya m'banja muno imafika ikaponyedwa ndi mkono wathunthu.

Dalitso, thamanga kukhola la nkhuku, ukatenge kapu ija timatungira gaga. Inde, yomweyo yobooka pansi. Bwera nayo kuno. Ikhutule kaye, iwe.

Nayi. Utoto unasupuka, mkombero wobiriwira uja watsala apa pokha, chogwirira ndinachimanga ndi waya. Zaka zonsezi mwakhala mukudyetsera nkhuku osadziwa kuti ndi mphoto ya agogo anu. Sindinaitaye, komanso sindinaiike pakabati. Kukhola n'komwe imayenera. Thoko, iyang'ane bwinobwino, uitembenuze. Ika pambali pa mkono wangawu, uone ngati zikulingana. Ine ndinapereka uwu n'kulandira iyi.

Ndaona wagwedeza mutu kuvomera. Basi, zakwana, mawa tinyamuka tikangomwa tiyi.

Tsopano khalani chete, musatembenuke nonse nthawi imodzi. Chitseko chija chakhala chotsegula pang'ono kuyambira pomwe ndinayamba kulankhula, ndipo mphika womwe ankati akutsuka sunalire ngakhale kamodzi. Si awo akubwera ambuya anu, atenga thobwa lina. Taonani, ana inu, adutsa kumbuyo kwa mpando, azungulira lichero. Mwaona mbali yomwe aima?

Landira, Thoko. Ndi dzanja lomwelo.